A Muhiwa ndi Nambala Zamakani

A Muhiwa tinawaika m'manda mwezi wathawu, chimanga chitayamba kumasula. Amene ananena mbiri yawo pamaliro anali mkulu wa mpingo wachinyamata, wobwera, amene anawapeza atakalamba kale. Anati malemuwa anabadwira kwa Kadewere, anaphunzitsa zaka zambiri kufupi ndi ku Ndunde, anapuma pa ntchito, ndipo adwala miyezi ingapo. Atatero anakhala pansi, kwaya n'kuyamba nyimbo. Ife amene tinadutsa m'manja mwawo tinangoyang'anana. Zonse ananenazo zinali zoona, koma mwini wakeyo sanalimo.

Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wa jekete limodzi lotuwa limene matumba ake anayera ndi choko. Njinga anali nayo, koma nthawi zambiri ankangoikankha, milomo ikugwedera, chifukwa ankati munthu sungawerenge bwino uli pa chishalo. Makolo awo anachokera kutsidya kwa malire, ndipo Chinyanja chawo chinkamveka Chilomwe. Akakwiya ankasiya kukalipa n'kuyamba kuwerenga m'Chilomwe chapansipansi. Tikangomva zimenezo, kalasi yonse inkakhala chete.

Masamu onse ankawadziwa, koma mtima wawo unali pa nambala zimene mabuku amati pulayimu. Iwo ankazitcha nambala zamakani. Tsiku loyamba ankalowa m'kalasi ndi nandolo m'chipewa. Ankapatsa mwana njere khumi ndi ziwiri n'kumuuza kuti aziyale m'mizere yofanana. Mwanayo ankayala mizere iwiri, itatu, inayi, zonse n'kutheka. Kenako ankamuwonjezera njere imodzi. Mwanayo ankasuntha njere uku ndi uku, thukuta kamukamu, koma nthawi zonse ina inkatsala pambali. A Muhiwa ankaseka mpaka misozi, n'kunena kuti wakumana ndi 13, ndipo 13 sagawika ndi wina aliyense kupatula 1 ndi iye mwini.

Nambala zimenezi ankaziika m'mafuko ngati anthu. Kunali amapasa, zoyandikana zolekanitsidwa ndi nambala imodzi yokha, monga 11 ndi 13, kapena 41 ndi 43. Kunali zina zimene ukaziwerenga kuchokera kutsogolo kapena kumbuyo zimakhala chimodzimodzi, monga 101 ndi 757. Kunalinso zotembenuka, zoti ukazigadabuza makani ake satha, monga 17 ndi 71. Nambala ya 2 ankaitcha mkamwini, chifukwa ndi yokhayo yochokera ku mtundu wa nambala zoyenda ziwiriziwiri imene inalandiridwa m'mudzi wa amakani.

Koma fuko limene ankalikonda koposa linali lina. Ankati tenga 2, uziwirikiza: 4, 8, 16, 32, kumapita. Paliponse wafika, chotsapo imodzi. Mwa njira imeneyi mumatuluka 3, 7, 31, 127, ndipo ukapirira umafika pa 8,191, pa 131,071, pa 524,287, zonsezo zamakani. Ankatichenjeza kuti si mwana aliyense wa m'banjamo amene amatengera makolo. Ankatchula 2,047, imene imaoneka yolimba, koma 23 akabwera imagonja.

Pamwamba pa zonsezi panali imene ankangoitcha nambala yanga: 8,388,607. Anaipeza okha, popanda buku, dziko litangolandira ufulu. Tchuthi chonse chachikulu anakhala pakhonde akuigawa ndi nambala zamakani imodzi ndi imodzi, kuyambira 3 mpaka kuyandikira zikwi zitatu. Ankatifotokozera kuti kupitirira pamenepo n'kosafunika, chifukwa nambala yaikulu ikamagawa inzake, imakhala ndi bwenzi laling'ono limene ukanakumana nalo kale. Sanapeze yoigawa. Sukulu itatsegulidwa anatenga penti yotsala popaka zitseko n'kuilemba pakhoma, pamwamba pa bolodi. Ana a sukulu imeneyo ankaiwala tsiku lawo lobadwa, koma nambala ija ankaiimba ngakhale kudambo.

Mikangano sinkawasowa. Ahedi ankawauza chaka ndi chaka kuti zimenezi mayeso a boma safunsa. Iwo ankayankha kuti za mayesozo amaliza kale, ndipo ana awo akalephera abwere awachotse ntchito. Anawo sankalephera. Kunyumba nako, akazi awo, mayi Elube, ankati akazira khonde bwinobwino, m'mawa mwake ankapeza lonse lalembedwa ndi makala. Chaka china anapeza nandolo wa mbewu wachepa m'chikwatu, atapita kusukulu m'chipewa. Anawatsatira mpaka m'kalasi, n'kutola njere zonse pamabenchi ife tikuona, a Muhiwa ataima pambali ngati mwana wogwidwa ndi mango.

Mkangano umene unatchuka unali wa iwo ndi a Likhucha, mkulu wa mpingo wa masiku amenewo. A Muhiwa ankaphunzitsa kuti nambala zamakani zilibe mathero. Ankati munthu akabwera n'kunena kuti wazisonkhanitsa zonse, umuuze azichulukitse pamodzi n'kuwonjezera imodzi. Nambala yotulukayo palibe mwa zake zija imene ingaigawe, chifukwa nthawi zonse imodzi ija izitsala, choncho kulinso ina imene sanaitole. A Likhucha atamva zimenezi kwa mdzukulu wawo anafika kusukulu ndi ndodo yawo, n'kunena kuti wopanda mathero ndi Mulungu yekha, ndipo ana asasokonezedwe. A Muhiwa anayankha kuti Wopanda mathero sangavutike kulenga chinthu chopanda mathero. Anatha dzinja lonse osapatsana moni, komabe Lamulungu lililonse ankakhala benchi limodzi, akuimba m'buku limodzi la nyimbo, chifukwa a Likhucha lawo linadyedwa ndi chiswe.

Anali owolowa manja, oleza mtima ndi mwana wochedwa kumva. Chimene sankachipirira chinali kutsutsidwa pa chinthu chimene anachigwirira okha ntchito.

Atapuma pa ntchito, mwana wa mlongo wawo, Fulaide, amene ankagwira ntchito m'sitolo ku Limbe, anabwera kudzawaona ali ndi kamakina kowerengera m'thumba. Unali m'mawa, akumwa tiyi pakhonde. Zimene zinachitika anandiuza ndi mayi Elube. A Muhiwa anakayang'ana kamakinako monyoza, n'kunena kuti ndi ka anthu aulesi, koma anati akayese. Anamuuza Fulaide kuti alembe nambala yawo ija, aziigawa ndi zimene iwo azitchula, aone makaniwo. Anatchula 3, yankho linatuluka ndi zotsala. Anatchula 7, 11, 13, chimodzimodzi. A Muhiwa ankangomwetulira akupemerera tiyi. Anapitiriza mpaka 43. Atatchula 47, Fulaide anadinanso kamakinako kachiwiri.

"Malume, apa yagawika."

"Wadina molakwika."

"Ndabwereza. Ikutuluka 178,481, palibe chotsala."

A Muhiwa anaika kapu pansi. Anatola khala n'kugwada pakhonde, n'kugawa okha mwa njira yaitali. Atafika pansi anafufuta ndi chikhatho n'kuyambiranso. Kenako anachulukitsa 47 ndi 178,481, ndipo nambala yawo inatuluka yathunthu. Zaka zonse zija anali atalakwitsa pa sitepe imodzi, ndipo mwa nambala zonse zimene anayesa pa tchuthi chija, 47 ndi yokhayo imene ikanawaululira. Mayi Elube akuti amuna awo anakhala chogwada nthawi yaitali. Mayiwo ankaganiza kuti akulirira nambalayo. Koma atadzutsa mutu anangotchula dzina limodzi: Asiyatu.

Asiyatu ndinkakhala naye benchi limodzi mu Sitandade 7. Anali mwana wa Che Saidi, wogulitsa nsomba zouma, ndipo anali mtsikana yekhayo wa Chisilamu m'kalasi mwathu. Masiku amenewo makolo ambiri a Chisilamu ankaopa sukulu za mishoni, poganiza kuti ana awo akatembenuzidwa. A Muhiwa ndi amene anamuona akuthandiza bambo ake pamsika, akuwerengera mwamsanga kuposa akuluakulu. Anapita kwa Che Saidi kangapo konse, mpaka analonjeza kuti mwanayo sadzakakamizidwa kulowa kalasi ya mpingo, ndipo adzamuyang'anira ngati wawo. Che Saidi analola chifukwa cha mawu a munthu mmodzi ameneyo.

Tsiku lina a Muhiwa anafuna kutionetsa makani a nambala yawo. Aliyense anamupatsa nambala yakeyake yoti agawire. Ine anandipatsa 43, Asiyatu 47. Tinkaimirira mmodzimmodzi kunena chotsala chathu, iwo akugwedeza mutu mokondwa. Itafika nthawi ya Asiyatu anaimirira n'kunena motsitsa mawu kuti kwa iye palibe chotsala.

"Bwereza," anatero a Muhiwa.

"Ndabwereza, aphunzitsi."

"Ndiye kuti walakwitsa kawiri."

Asiyatu anatambasula dzanja kuwapatsa kope. Sanalilandire. Anauza kalasi kuti iwo anathera tchuthi chonse pa nambala imeneyi, ndiye lero kwabwera mayi Fote-seveni kuchokera ku nsomba kudzawaphunzitsa ntchito. Kalasi inaseka. Sanamumenye, ndipo sindikhulupirira kuti ankadziwa kulemera kwa zimene ananena. Koma dzinalo linamukakamira. Anyamata ankamukuwiza nalo panjira, ena akugwira mphuno. Sabata yotsatira malo ake pabenchi anali opanda munthu. A Muhiwa anatumiza uthenga kamodzi, koma okha sanapite. Che Saidi anati munthu amene analonjeza kusunga mwana ndi yemweyo wamuchititsa manyazi, basi nkhani yatha. Patapita zaka zochepa tinamva kuti Asiyatu wakwatiwa ndi telala wa ku Njuli.

Tsiku la kamakina lija a Muhiwa anavala jekete kuti apite kusukulu akafufute khoma. Mayi Elube anawaimitsa pakhomo.

"Khoma silimva kuwawa, bambo. Yambani mwapita kwa mwana wa eni ake."

M'mawa mwake anatulutsa njinga. Akuti ulendo umenewo anaikwera ndithu. Linali tsiku la msika, ndipo anafika ku Njuli dzuwa lili pamutu. Asiyatu tsopano anali mayi wa ana anayi, anthu akumutcha Abiti Saidi, ali ndi okala yakeyake ya mchere, sopo ndi usipa pafupi ndi pamene mwamuna wake ankasokera. Zimene anakambirana anandiuza ndi Abiti mwini.

Anawazindikira asanatsike panjinga. A Muhiwa anavula chipewa, n'kukana mpando umene mwamuna wake anawapatsa, n'kukhala pansi pafumbi kutsogolo kwa okala, anthu ogula akuona.

"Abiti, ndine Muhiwa."

"Ndakudziwani, aphunzitsi."

"Ndabwera ndi mlandu wanga. Nambala ija imagawika ndi 47. Inu munakhoza, ine ndinalakwa. Ndinakunyozani pamaso pa anzanu, kope lanu osaliyang'ana n'komwe."

Abiti anapitiriza kukulunga mchere m'pepala. Atamupatsa wogulayo ndi pamene anayankha.

"Ndinkadziwa kuti ndinakhoza. Nditafika kunyumba tsiku lija ndinagawanso pamchenga kuseri kwa khitchini. Inatuluka chimodzimodzi."

"Mukanabweranso nalo kopelo."

"Ine ndinali mwana, inu munali aphunzitsi. Woyenera kubwera anali ndani?"

A Muhiwa anawerama.

"Ndinali ine."

"Bambo anga anamwalira akunena kuti anapusitsidwa. Ine ndinkafuna unamwino, aphunzitsi. Mwabwera, ndakuonani, koma mwachedwa."

Sanawathamangitse, komanso sanawalankhulenso. Iwo anakhalabe pomwepo mpaka msika utayamba kuphwasuka, kenako anatsanzika n'kukankha njinga yawo.

Lolemba anapita kusukulu kwawo kwakale n'kupempha ahedi atsopano kuti alankhule pa mzere wa m'mawa. Ana ambiri sankawadziwa. Anawauza kuti nambala imene ili pakhoma la Sitandade 7 analemba ndi iwo, ndipo ndi yabodza, kuti mtsikana wina anawauza zimenezi kalekale iwo n'kumuseka, ndipo mtsikanayo anasiya sukulu chifukwa cha iwo. Kenako anakwera pa tebulo ndi kachitini ka penti. Nambalayo sanaifufute. Anangolemba kutsogolo kwake kuti ndi 47 kuchulukitsa ndi 178,481, ndipo pansi pake analemba dzina la Asiyatu Saidi. Miyezi yotsatira ankaimitsa aliyense amene anamuphunzitsapo, kaya kuchigayo, kaya kumaliro, kumuuza kuti anamuphunzitsa chinthu cholakwika. Ena ankaseka, poti anali ataiwala kale za nambalayo. Ena ankanong'onezana kuti mdalayu mutu wayamba kuzungulira. A Likhucha, amene aliyense ankayembekeza kuti akondwa, anangowagwira dzanja pakhomo la tchalitchi.

Tsiku la msika lotsatira anapitanso ku Njuli. Anagula kamchere, n'kukhala pansi pamalo omwe aja. Anapitanso, n'kupitanso. Mwamuna wa Abiti anayamba kuchita manyazi ndi munthu wa imvi wokhala pafumbi pakhomo pake, n'kumadandaulira mkazi wake kuti anthu ayamba kulankhula. Tsiku lina Abiti anatuluka m'okala atagwira dzanja mwana wake wamkazi, Maliyamu, amene anali mu Sitandade 5.

"Uyu masamu amamuvuta. Zanga zinapita, sizibwerera. Ngati mukufuna chochita, ndi ichi."

"Ndimuphunzitsa."

"Koma akakuuzani kuti mwalakwa, muziyang'ana kope."

"Ndiziyang'ana."

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse la msika a Muhiwa ankapezeka pakona ya khonde la okala ija, pa kabenchi kamene telala anawakhomera, Maliyamu ali pambali. Ana ena a pamsika anayamba kumaunjikana, a Chisilamu ndi a Chikhristu omwe, ndipo nandolo anabwereranso m'chipewa. Amene anawaona masiku amenewo akuti anali atasintha pa chinthu chimodzi. Mwana akanena yankho losiyana ndi lawo, ankatambasula dzanja msanga, n'kutsata mzere uliwonse ndi chala asanatsegule pakamwa.

Nambala zawo zonse anasiya kuzikhulupirira mpaka ataziyesanso. Maliyamu atazolowera kugawa, anatenga 524,287 n'kuyamba naye. Aliyense ankagawa payekha, atafulatirana, kenako n'kufanizira. Zikasiyana, woweruza anali Abiti, amene ankasiya sikelo n'kubwera kudzagawa pa chikatoni cha sopo, mofulumira ngati kale. Nthawi zina wolakwa ankakhala Maliyamu, nthawi zina a Muhiwa. Anaitsata mpaka kudutsa 700, pamene panali malire ake, ndipo palibe inaigawa. Tsiku limene anamaliza, Abiti anawaphikira tiyi wamkaka ndi zitumbuwa, n'kukhala nawo pabenchipo koyamba. A Muhiwa anabwerera kunyumba akuimba, n'kuuza mayi Elube kuti nambala yawo yachepa kwambiri, koma tsopano ili ndi mboni zitatu.

Mawu oti ndakukhululukirani Abiti sanawanene, ndipo a Muhiwa sanawapemphe. Koma Maliyamu atasankhidwa kupita ku sekondale, achibale a bambo ake ena anati mtsikana wakula, akwatiwe. Abiti anawayankha kuti m'banja mwake mtsikana mmodzi anasiya kale sukulu, ndipo ameneyo akwanira. Tsiku lonyamuka anamutuma kaye kwa aphunzitsi kukatsanzika.

Chilala cha chaka chathachi chinawafooketsa. Kachakudya kochepa kamene kankapezeka ankakankhira zidzukulu, iwo n'kumati akhuta. Miyendo inayamba kutupa, njinga inakhala yotsamira khoma. Abiti ankatumiza usipa ndi ufa kudzera mwa anthu obwera ku msika. Nditapita kukawaona komaliza anali chogona, mawu akutuluka movutikira. Anandifunsa ngati ndikukumbukira nambala imene anandipatsa tsiku lija. Ndinati 43. Anati yanga inali ndi chotsala, ndinakhoza, koma wokhoza kwambiri anali mnzanga uja. Pamaliro Abiti anabwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu, atafunda mpango wake, n'kukhala pakati pa amayi a mvano kuyambira m'mawa mpaka titabwerako kumanda.

Sabata yathayi ndinadutsa ku Njuli pa tsiku la msika. Mvula yagwa bwino chaka chino, ndipo pamsika padzaza maungu, zitheba ndi matimati. Ogulitsa achuluka moti ena ayala malonda awo mpaka m'mphepete mwa msewu, akukanganirana malo. Khonde la okala ya Abiti nalo ladzaza madengu a anthu opempha pongoikapo, kupatula pakona paja. Kabenchi kali pomwepo, mwendo umodzi atauchirikiza ndi njerwa. Mbali imene a Muhiwa ankakhala inasalala mpaka kuwala, ndipo pakhoma pali chidetso chozungulira pamene ankatsamiritsa mutu. Ndili pomwepo, mayi wina wa kabichi anafika n'kufuna kutula dengu lake pabenchipo. Abiti anasuzumira pawindo la okala.

"Ikani pansi apo, mayi. Pamenepo pamakhala aphunzitsi."

Mayiyo anayang'ana benchi lopanda munthulo, n'kuyang'ana Abiti, kenako anatula dengu lake pansi.